Njinga ya 26 Imene Akufuna Fikirini

Germiston,
9 Meyi 2007

Okondedwa Achemwali a Gertrude,

Muli bwanji ku Lirangweko? Amayi mwendo uja unaleka kutupa? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira, m'mawa zala zimachita kuuma pogwira sipanala. Ntchito ndikadali pa shopu ya njinga ija.

Nkhani yanga ndi ya mng'ono wathu Fikirini. Wandilembera kudzera kwa a Mackson oyendetsa thiraki aja, kupempha njinga. Akuti azikagulitsira tomato ku Lunzu. Poyamba ndinakondwa, ndinati mwana wayamba kuganiza. Koma wanenetsa kuti mateyala akhale a saizi 26, osati 28, mpaka kudula mzere kawiri pansi pake. Akufunanso keliyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndi poika mabotolo atatu a madzi.

Achemwali, ine njinga ndiye munda wanga, sangandipusitse. Kwathuko wonyamula dengu la tomato amafuna 28, yaitali ija. Nanga kuchoka pa Lirangwe kufika pa Lunzu ndi mtunda womwera mabotolo atatu?

Pa shopu pano pamabwera azungu oyenda maiko pa njinga, ndipo ambiri amasankha 26. Wina nditamufunsa anati gudumu laling'ono silipindika msanga ukalisenzetsa katundu, komanso teyala lake umalipeza m'matauni ambiri a m'njira. Anthu omwewa amaima pa Zalewa kugula nthochi, ndipo Fikirini paja sachedwa kupalana ubwenzi ndi mlendo. Nzeru imeneyi sanaitole kudimba.

Ndikumukayikira kuti akufuna kudzera ku Mwanza ndi ku Tete mpaka kuno. Chaka chatha ndinamuletsa kubwera, ndinamuuza kuti ntchito kuno kulibe, anzake akugona m'magalaja. Anangoti chabwino, ndipo chabwino wa Fikirini mukumudziwa.

Pempho langa ndi ili. Musamufunse maso ndi maso, akana mpaka kulumbira. Amayi musawauze kaye. Mukacheze ndi mlamu wathu Edina mwakachetechete, mumve ngati mwamuna wake Fikiriniyo wayamba kuyendera za pasipoti. Edinayo ndi woyembekezera, ndipo ndikuopa kuti mwina nayenso sakudziwa kanthu. Yankho mupatsire a Mackson asanabwerere kuno.

Ngati ndi za tomato zenizeni, ndigula 28 ndipo adzandithokoza. Koma mukaona kuti wamanga kale mtima, musandibisire. Ndigula 26 yomweyo ndi machubu anayi, ngakhale zikundiwawa kwambiri. Ndikamumana, anyamuka pa chinjinga cha malemu bambo chija, ndipo msewu wa ku Tete ine ndinauona ndi maso anga. Kumatentha koopsa, ndipo pali malo ataliatali opanda wokonza njinga.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume a Mailosi ku Chileka, alamu anga ndi ana onse. Fikirini mumuuze kuti kalata yake ndalandira, ndikuyang'anayang'ana.

Ndine mlongo wanu wosowa mtendere,
Dyton