Mbale ya Atate ndi Mimba ya Chatsala

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Madzimoyo tilipo. Ndachedwa kukulemberani, ndikudziwa, ndipo ndikumva kale mawu anu aja akuti, "Iwe Esnati, ngakhale kubadwa unachita kukudikira." Lero makina osokera ndawavindikira, ndakhala pansi, chifukwa nkhani zandichulukira.

Ndiyambe ndi yokoma. Mlamu wanga, mkazi wa Yohane, anabereka bwinobwino, kamtsikana, ndipo tinakatcha dzina lanu. Kali ndi mphuno yanu, ndipo kakayamba kulira mudzi wonse umadziwa, ndiye palibe akutsutsa kuti dzinalo lapeza mwini wake. Mtedza wa m'munda wanu wa kuseri kwa dambo unabereka mpaka tinasowa poyanika. Chimanga ndi chapakatikati, mvula inadula ngaiyaye zitangotuluka. Za thonje musandifunse. Yohane walumbira kuti sadzalimanso, monga mmene amalumbirira chaka chilichonse.

Galu wanu Tiyeseko anatisiya. Inu mutapita ankangogona pakhomo la khitchini yanu, kenako anaswa ana, tinakondwera. Anawo atangoyamba kudya okha, njoka inamuluma m'munda wa mtedza muja. Ngati wafika kumeneko mwamuona kale, ndi amene akukutsatirani pambuyo kulikonse mukupita. Ana ake anthu anagawana, koma kamodzi palibe anakafuna: kowonda, mimba yokha tuu, makutu aakulu ngati kachita kubwereka. Atate anakanyamula nati, "Aka ndi Chatsala." Dzina linakhala lomwelo.

Amayi, kagalu kameneka kandionetsa zakuda! Chilichonse chimene kadya sichinkakhalitsa, mwina kusanza, mwina kutsegula m'mimba. Ine poona kuti ndi kamasiye ndinkakapatsa mkaka, osadziwa kuti ndikuwonjezera moto. Amalume a ku Kasenengwa atabwera anangoseka, amvekere galu wa kumudzi amadya chilichonse, kasinjireni makala, kakachira kachira, kakafa kafa. Kunena n'kosavuta. Koma chichokereni inu, Atate anali atasiya kucheza ndi anthu. Kutchalitchi ankapita, moni ankayankha, basi. Amene ankamva mawu awo ataliatali anali Chatsala yekha. Ndinkaopa kwambiri kuti kakafa nakonso, Atate angotseka pakamwa mpaka kalekale.

Ndiye ndinakaika m'katoni, n'kukwera nako minibasi kupita ku Chipata kwa dokotala wa ziweto. Anthu m'minibasi anaseka mpaka kugwira nthiti, mayi wina n'kundifunsa ngati kali ndi khadi la sikelo. Dokotalayo, mayi wachitsikana wofatsa, anakapima, anakamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, nandiuza kuti m'mimba mwake ndi mosachedwa kupweteka. Anati kazidya mpunga wofewa wopanda mchere ndi mafuta, mnofu wa nkhuku wowiritsa wochotsa khungu ndi mafupa, ndi dzungu lowiritsa. Kazidya pang'ono koma kangapo patsiku, madzi oyera azikhala pafupi. Mkaka ayi, anyezi ayi, zotsala m'mbale zathu ayi. Anabwereza kuti kakafooka kapena kakayamba kutuluka magazi ndisadikire, ndibwerenso msanga. Ndinakumbukira mmene munkatikalipira tikamadya mothamanga: "Dekhani, m'mimba si nkhokwe!" Koma taganizani, Amayi, galu kudya mpunga ndi nkhuku, zimene ife tinkazionera pa Khirisimasi! Thadzi lanu lofiira lija linasiya kuikira ndi limene linayamba kulipira.

Ndinatsatira zonse. Koma zodabwitsa, m'mawa kagalu kali bwino, kakusewera, pofika madzulo kayambiranso. Ndinakalipira ana a pafupi kuti mwina akukaponyera zitumbuwa. Ndinatchinga dzala ndi minga. Ndinatsuka kambale kake mpaka utoto unachoka. Palibe chinasintha.

Nthawi yonseyi, chimodzi chokha chinkanditonthoza: Atate ankamaliza chakudya. Ankandiuza kuti ndiziwaikira pansi pa mango uja wa kuseri kwa nkhokwe. Ndinkawapatsa madzi osamba m'manja nditagwada, n'kuchoka, monga munatiphunzitsira. Mbale inkabwera yoyera ngati yatsukidwa. Mpaka ndinakawauza amayi a kumphakati kuti mapemphero awo agwira ntchito, Atate akudya. Chonsecho thalauza lawo la kutchalitchi ndinali nditalibweza m'chiuno, pasanapite nthawi n'kulibwezanso. Ndinkati ndi ukalamba.

Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinapeza pamene Chatsala anasanza. Mukhululuke, Amayi, nkhani yake ndi yauve, koma inu munalera ana, simunyansidwa. Munali mitu ya kapenta ndi makoko a tomato. Kapenta ameneyo ndinakazingira Atate okha dzulo lake, ine ndinadya nyemba zogona. Ndinaima ndi tsache m'manja.

Masana ndinawaikira chakudya monga mwa masiku onse, ndinagwada, ndinachoka. Koma m'malo mopita kukhitchini ndinazungulira, n'kukabisala pambali pa nkhokweyo. Atate anasamba m'manja, anachita chizindikiro cha mtanda, anadya mbamu imodzi. Kenako anaimba kamluzu. Chatsala anatulukira akugwedeza thupi lonse, n'kukhala kudzanja lawo lamanzere, pamene inu munkayala mkeka wanu. Atate anayamba kutema nsima, kusunsa mu ndiwo zotendera, kumupatsa, uku akumuuza nkhani za mitengo ya feteleza. Ndinawamva akuti, "Maliza iwe, kuti Esnati asadandaule."

Amayi, pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Inu ndi Atate munkadyera mbale imodzi. Anthu ankakusekani kuti mkazi wanji wodya ndi mwamuna wake ngati azungu, inu n'kumangoti, "Asiyeni anene, ife tikukhuta." Inu mutachoka, ife ana tinabwerera ku ulemu wa makolo: bambo adye payekha, mwana wamkazi asakhale pamenepo. Ulemu wathuwo ndi umene unkawagoneka ndi njala, ndipo njala yawoyo ndi imene inkapweteka kagalu.

Ndinatuluka, ndinagwada patsogolo pawo. Kukalipira bambo wako sikutheka, ndiye ndinabisala kumbuyo kwa dokotala. Ndinati, "Atate, adokotala anati kagaluka kakamadya ndiwo zathu kafa." Anayang'ana Chatsala, anayang'ana dzanja lawo. Anafunsa motsitsa, "Ndiye kuti ndine ndikukapha?" Ndinawayankha kuti iwo akukakonda, koma m'mimba mwake simugwirizana ndi mafuta ndi mchere. Kenako anati, "Nanga chakudyachi ndizichita nacho chiyani, mwanangu? Ndikakhala ndekha sichitsika." Ndinalira, Amayi, sindikubisirani. Chatsala anapezerapo mwayi n'kunyambita mbale.

Mawa lake ndinabwera ndi mbale zitatu: ya Atate, yanga, ndi kambale ka Chatsala ka mpunga ndi dzungu. Ndinatulutsa mkeka wanu, ndinauyala, ndinakhala pansi n'kusamba m'manja. Atate anatong'ola maso. Amvekere, "Iwe, ntchembere yonseyi kudya ndi atate ake? Anthu anena chiyani?" Ndinati anena zomwe ankanena za Amayi, ife tikukhuta. Anaseka! Kuseka kwenikweni kuja kotsokomola nako, kumene sitinakumve chichokereni kumanda. Tsiku limenelo anadya mpaka kufunsa ngati ndiwo zatsalako mumphika.

Chatsala ndiye anakwiya. Anazolowera kapenta, ndiye mpunga wopanda mchere anangoununkhiza n'kutembenuka. Atate anatapa pang'ono n'kuuika padzanja, ndipo Chatsala anadya, poti chochokera m'dzanja lawo sakana. M'mimba munayamba kukhazikika pang'onopang'ono. Titabwererako kwa dokotala anatiuza kuti mpunga ndi nkhuku zokha sizingakulitse kagalu, tiziphatikizamo chakudya cha tiana ta agalu chogula m'sitolo, kuyamba ndi kochepa, n'kumawonjezera tikaona kuti m'mimba muli phee. Kamodzi kokha tinabwerera m'mbuyo. Pa phwando la ubatizo wa mnzanu wa dzina uja, Chatsala anaba mafuta a nkhumba pa lichero, ndipo mawa lake bwalo lonse linachitira umboni.

Panopa dokotala wa m'nyumba muno ndi Atate. Dzungu amasankha okha kumunda, amawiritsa okha, amayeza ndi kakapu kanu kabuluu kaja. Munthu amene chikwatirireni sanagwirepo mphika! Mwana akangoyerekeza kuponyera galu fupa, amamuthamangitsa ndi ndodo mpaka kumsewu. M'mawa uliwonse amazungulira kuseri kwa nyumba kukaona zimene Chatsala wasiya, n'kubwera kudzandiuza mmene zilili, ine ndili pakati pomwa tiyi. Amalume atabweranso anapeza galu wonenepa, ubweya uli waliwali, makutu aja atamukwana. Anapezanso ine ndili pamkeka ndikudya ndi Atate, ndipo anagwira pakamwa. Atate anangowauza kuti samba m'manja mlamu, kapena ukhale pomwepo uzitiyang'ana.

Ndiye nkhani ndi zimenezo. Ndimakusowani kwambiri, makamaka masana ndikamayala mkeka wanu, chifukwa pakona pake pakadali pamene munawotcha ndi khala. Dzulo Atate anandibweretsera thalauza lija, akuti ndinalisoka molakwika, likuwathina. Sindinatsutse. Ndinatenga lezala n'kumasula ulusi wonse umene ndinabweza, uku ndikuimba nyimbo yanu ya kwaya.

Mumuuze Tiyeseko kuti mwana wake akukula bwino, ngakhale ndi wakuba. Inu pumulani, musatidere nkhawa. Ndikukulonjezani, Amayi, anthu anene zimene anganene, malinga ine ndili moyo, Atate sadzadyanso okha.

Ndine mwana wanu wokukondani, wochedwa uja,
Esnati