Mpando Wakutsogolo m'Ndeke

Mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira muli bwino ndi amuna ako ku Mangalandeko. Kuno ku Chinyunyu tonse tilipo, koma atate ako sali bwino.

Pobwerera kuchokera kuchipatala chakwanuko, pa mpando wakutsogolo unatikonzera m'ndeke uja, anagona chotambalala osabuula. Atsikana a m'ndeke anabweretsa nyama yonunkhira, koma atate ako sanalaweko, ine ndikungomeza misozi. Kuchokera ku Lusaka minibasi inawakhutchumula mpaka kusanza, ndipo chifikire sanadzukepo. Dzulo anati, "Amake Esinati, tulo tanga totsiriza ndinagona pa mpando uja."

Madokotala akumeneko analephera, nanga ife titani? Usatumizenso mankhwala. Bwera wekha, ngakhale pa mpando wakumbuyo, uwapeze akali kulankhula.

Mulungu akusunge, mwanawe.

Ndine amai ako.