Ulusi wa M'dzimbiri

Amayi, mukupeza bwanji kumene muliko?

Ife kuno ku Perth, kutsidya kwa nyanja, tikungopuma. Ntchito ya kumigodi ija idatha mtengo wa chitsulo utagwa. Adatichotsa tsiku limodzi, anthu odzaza basi. Mpongozi wanu Tadala adapita padera m'nyengo yozizira. Mwanayo akadabadwa wamkazi tikadamutcha dzina lanu. Mdzukulu wanu Mphatso wakula, koma ndikamuuza za inu amandiyankha m'Chingerezi.

Panopa ndikugwira ganyu pa yunivesite ku Crawley. Ndimatsuka zitsulo zofukulidwa m'manda akale a ku Ulaya: nsonga za mikondo, zitsulo za pakati pa zishango, timphete ta pakamwa pa chimake cha lupanga. Eni ake adaikidwa nazo m'manda zaka zoposa chikwi zapitazo. Mitengo ndi zikopa zidaola kalekale, chatsala n'chitsulo, nachonso chimayoyoka ukachigwira mosasamala. Paja munkati, "Dzimbiri silifunsa kuti khasu ndi la yani."

Lachiwiri ndidaika kamphete kamodzi pa makina okulitsa zinthu. M'dzimbirimo ndidaona ulusi, Amayi, wolukana bwinobwino, ndi msoko wokhota wa singano. Munthu wina adakulunga lupangalo m'nsalu asanaligoneke pambali pa mtembo. Nsaluyo idatha, koma dzimbiri lidasunga maonekedwe ake. Ndidagwira kampheteko mosasamala mpaka kachidutswa kadabenthuka. Abwana sadakalipe, adangondiyang'ana n'kutuluka. Ganyuyi ikutha mwezi uno ndipo sadandiuze ngati andiwonjezera. Akapanda kutero, chilolezo chathu chokhalira kuno chathanso.

Koma si abwana amene akundisowetsa mtendere. Ine sindidziwa nsalu imene adakufunditsani inuyo. Tsiku la maliro anu ndinali pa shifiti kumigodi kuja, kuopa kuti ndikapempha tchuthi andichotsa. Adandichotsabe patangopita milungu itatu. Ndawafunsa katatu achemwali anga a Esinati za nsaluyo. Uthenga amawerenga, koma osayankha. Sindikuwaimba mlandu. Ndiwo adakudwazikani okha mpaka tsiku lomaliza. "Wofika mochedwa pamaliro amalira yekha," munkatero potifulumizitsa panjira.

Mvula isanagwe ndibwera, ntchito ikhalepo kaya isakhalepo. Ndidzafikira kugwada pakhomo pa achemwali, ndipo sindidzadzuka mpaka atandiperekeza okha kumene mudagona.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Chifundo