Chipinda cha Amayi pa Foni ya Abwana

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga miyendo ya Amayi, ikutupabe? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ntchito ndi yomwe ija, kuchapa ndi kusita. Tsiku lina ndikusita, abwana aakazi anandiitana kuti ndidzaone kanyumba kamene apeza pa foni, kogonamo alendo masiku ochepa. Ati akufuna akapumeko kopanda phokoso. Nditayang'ana ndinaona kuti ndi nyumba ya Amayi kumudzi. Makatani obiriwira aja ndinasoka ndine. Makina osokera a Amayi mwawaika pakona, pamwamba mwakhazikapo mphika wa maluwa. Pansi pa chithunzi palembedwa kuti nyumba yonse ndi ya mlendo, simukhala munthu. Ndiye Amayi ali kuti?

Ndinaimbira azakhali. Poyamba amazemba, kenako anaulula. Ati lamulo la khonsolo likuti nyumba ya alendo isamakhale ndi wogonamo wina, apo ayi chiphaso palibe. Ndiye Amayi munawasamutsira m'kachipinda kosungira makasu, kopanda ndi windo lomwe.

Paja munkandiuza kuti msewu wa tala ukubwera, alendo adzachuluka, tikonze nyumba kuti Amayi akalambe bwino. Ine ndi uchitsiru wanga ndinavomera, n'kumadzimana ngakhale nsapato kuti mugule malata ndi matailosi. Nditafuna kubwera patchuthi munati denga likudontha. Pachithunzipa dengalo likuwala ngati mbale yatsopano. Mwandipusitsa, Achimwene, ndipo zikundiwawa kwambiri. Amayi ndikawaimbira amangoti ali bwino, kukubisirani manyazi.

Ndi khonsolo sindilimbana nayo. Malamulo ake ndawawerenga, akuti mlendo akalipira amabwera ndi aliyense amene wafuna. Choncho amene wabukitsa sabata yoyamba ya mwezi wamawa, anthu awiri, ndine. Wachiwiriyo ndi Amayi.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Mphika uja muuchotse pa makina, ndipo bedi lawo muwayalire mwaulemu ngati mmene mumayalirira anthu osawadziwa.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana ndi azakhali. Amayi musawauze kanthu, ndidzakawatenga ndekha m'makasumo.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
mlendo wanu wa mwezi wamawa