Masiku Asanu ndi Awiri Obwezera Masipika

Loweruka, 2 Ogasiti

Abwera nacho. Pa galimoto ya hayala, anthu awiri kunyamula. Katoni yofika m'chiuno mwanga. Akuti dzina lake homu thiyeta. Masipika asanu, kuphatikizapo china chachikulu ngati chidebe, chimenecho akuti ndi wufa. Ogula ake amuna anga, a Injiniya. Dzinali ndinawapatsa ndekha tsiku lomwe anakonza ayironi mpaka inasiyiratu kutentha.

Ndalama zake? Zija tinasungira makina osokera a magetsi. Inde, ndi za penshoni yawo ya ku fakitale ya malata, koma tinagwirizana, mwana wathu ali pomwepo. Sukulu yandipatsa oda ya mayunifolomu mazana awiri, ikuwafuna mwezi wamawa. Ndi makina anga opalasawa miyendo idzathothoka ndisanafike theka.

Ndafunsa kuti bwanji osandiuza. Angomwetulira: "Eya, mayi, eya." Eya wa chiyani? Zandikwana.

Lamulungu, 3 Ogasiti

Tsiku lonse mawaya. Pansi pa sofa, pamwamba pa chitseko, ina yadutsa patebulo langa lodulirapo nsalu. Poyamba anandandalika masipika onse pakabati kuti alendo aziwaona. Atawerenga kabuku kake, awiri awakhomera kumbuyo kwa mipando. Misomali pakhoma la eni ake, nyumba ya lendi!

Masana filimu ya nkhondo. Matambula m'kabati kunjenjemera, mphaka kuthawa, chithunzi cha ukwati wathu kupendekeka. Ndati tsitsani, akweza. Mvula itayamba mufilimumo ndathamangira panja kukanula zovala. Kunja dzuwa lili phwee. Aseka mpaka kutsokomola: "Mwaona? Chinthu chodula sichinama." Ndiye kuti makina anga ndasinthanitsa ndi mvula yosanyowetsa.

Kunena chilungamo, chimamveka bwino. Koma chikomekome cha mkuyu. Aneba ali ndi kawo kotchipa ka masipika awiri, ndipo nkhani zomwe amamva iwo ndi zomwezi tikumva ife.

Lolemba, 4 Ogasiti

Katoni ija ndi yolimba, kuitaya n'kulakwa. Ndadulapo mapatani a yunifolomu: kolala, mkono, msana, siketi masaizi atatu. Bola ndapezapo kanthu.

Mutu ukuwawa. Kasitomala wa diresi ya buluu ndamuyeza tikukuwirana ngati tili kutsidya la msewu. M'chiuno ndalemba 38 kaya 48, sindikudziwa. Ndidula pakati.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Ndapeza risiti m'thumba la jekete lawo pochapa. Kumbuyo kwake timalemba ting'onoting'ono: katundu atha kubwezedwa pasanathe masiku asanu ndi awiri. Ndiye kuti Loweruka likubwerali, ndipo sitolo imatseka 12 koloko masana. Mtima myaa.

Ndapitako ndekha. Wogulitsa wa tayi wofiira, mafuta onunkhira mpaka pakhomo. Wayamba kundilalikira: zotchipa zimangosokosa, izi zimalekanitsa mawu a munthu ndi phokoso, sipika yapakati ndi ya mawu okhaokha, abambo anafunsa katatu za imeneyo. Ndati ine sindinabwerere ulaliki. Ndiye wakonza tayi: "Tilandira, mayi, bola zibwere m'katoni yake momwe zinachokera."

M'katoni yake.

Ndakhala pabenchi panja pa sitoloyo nthawi yaitali. Kolala, mkono, msana, siketi masaizi atatu. Lumo langa, manja anga. Wom'kalipira palibe, makala ndadzipalira ndekha.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Zaka makumi atatu za utelala, lero ndikusoka katoni. Singano ya matumba, ulusi wolimba, tepi m'kati. Siketi yaikulu ndiyo inadya chithunzi cha wufa. Kolala inasowa mpaka masana, ndaipeza mphaka atagonera.

Ndaimbira wa tayi uja, ndamuuza zoona. Waseka mpaka ndachotsa foni kukhutu. Kenako: "Bweretsani tione, bola nambala ya pambali ikhalepo." Ilipo, pa patani ya mkono. Ndauza wa galimoto ya hayala abwere Loweruka 11 koloko.

A Injiniya ndawauza ndili pakhomo la khitchini, iwo maso ali pa kanema. Ndati Loweruka zonsezi zikubwerera. Osatembenuka n'komwe. Ndabwereza. Zii. Mwano umenewu sunayambe lero. Chipumireni pantchito ndi choncho: alendo akabwera amangogwedeza mutu, mwana wathu akaimba foni amati eya kawiri n'kundipatsira ine. Matama a ukalamba. Akhale nawo, ine ndikufuna makina anga.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Sindikudziwa poyambira.

Mwana wathu waimba masana, monga amachitira Lachisanu lililonse chisamukireni kutali kuja. A Injiniya anali atalumikiza foni yawo kumasipika kuyambira m'mawa, ntchito zosatumidwa. Ndiye mawu a kamdzukulu kathu ka zaka zitatu atulukira pa sipika yapakati ija, pabalaza ponse: "Agogo, nsapato zanga zimayaka ndikaponda!"

A Injiniya, munthu wamkulu, kudzambatuka pampando. Andiyang'ana. "Kodi kamayankhula chonchi? Mawu onse bwinobwino?"

Kamwanako kanayamba kuyankhula chaka chatha. Sabata iliyonse kamawauza nkhani, iwo n'kumati eya.

Akhala pansi penipeni, khutu pafupi ndi sipika. Akauza kawerenge mpaka khumi, kalumpha seveni, aseka. Akauza kaimbe. Kaimba zosadziwika mutu wake, iwo misozi mbwee, osapukuta. Ine chiimire pakhomo, tepi yomatira katoni ili m'manja.

Pambuyo pake ndatuluka panja, ndaimbira mwana wathuyo pandekha. Akuti: "Amayi, inu mumakhala nawo, simunaone kuti sakumva bwino? Zaka zonse zija m'phokoso la malata." Akuti kuli timakina tovala m'khutu, koma kuchipatala odikira ndi ambiri, mwina chaka chamawa, ndipo togula mtengo wake ndi pafupifupi wa chinthu chathuchi.

Ndiye taonani nzeru za amuna. Munthu kulolera kukhoma khoma lonse, kukwiyitsa aneba, kumwaza ndalama za makina, kusiyana ndi kungonena kuti mayi, makutu afa. Akanagula kovala m'khutu akanamayenda nako kulikonse. Ichi n'chokhomera pakhoma, adzapita nacho kumsika?

Ndakwiya kwambiri. Koma ndikafuna womukwiyira ndikupeza ndekha. Zaka ziwiri ndikuyankhula ndi msana wawo, n'kumawanena kwa anzanga kuti ayamba kunyada. Dzulo lomweli ndalemba kuti matama. Manyazi andigwira.

Nsalu ya mayunifolomu yafika madzulo, mipukutu isanu ndi umodzi. Ili pakona apo, ikundiyang'ana.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndadzuka mochedwa. Pabalaza pali zii. Pakhoma patsala misomali yokha. Mawaya okulunga bwinobwino, iliyonse yomangidwa ndi kalamba kake. Zonse zili m'katoni yanga yosokayo, risiti pamwamba.

Anaiona katoniyo kuseri kwa makina dzulo. Anangowerenga masokedwe, n'kudziwa cholinga changa.

Ndakhala patsogolo pawo, maso ndi maso, koyamba kaya chiyambire liti. Ndaona kuti amayang'ana milomo yanga, osati maso. Ndayankhula pang'onopang'ono. Ndati bwanji mwachotsa. Akuti: "Bwezani, mayi, mugule makina anu. Ndinalakwa. Mwana uja ndamumva, basi zakwana."

Zakwana bwanji? Kamodzi?

Ndafunsa kuti zinayamba liti. Apukusa mutu, aseka pang'ono. Akuti magalimoto amawamvabe, chitseko chikamenyetseka amamva, mawu a amuna anzawo amatolako pang'ono. "Koma oyamba kuchoka anali mawu anu. Ndimaopa kukuuzani."

Zaka ziwiri ndikukalipa m'nyumba muno ngati wamisala, munthu akungoona milomo ikugwedera. Ndipo ankati eya kuti ndisakhumudwe.

Panopa ndili kuchipinda, ndati ndikuvala nsapato. Kwatsala mphindi zisanu kuti 11 ikwane. Mayunifolomu mazana awiri. Ndikalephera oda imeneyi sukulu siidzandiyang'ananso, atelala ali mbwee. Miyendo yanga ndikuidziwa, madzulo imatupa. Lachisanu likubwerali kamwana kaja kadzaimbanso, akuti kakuphunzira nyimbo ina yoti kadzaimbire agogo.

Iwo akhala pasofa, chipewa pabondo, akudikira kuti anyamulitse katoni.

Galimoto yafika. Ikuliza hutala pageti, kachitatu tsopano. Iwo sakutembenuka, mawindo ndi otseka. Ndikuimva ndekha.