Besi ya a Cuthbert

Lolemba, 4 Ogasiti

Lamulungu likubwerali mkazi wanga Selina ayimba yekha ndime yonse kutchalitchi. Koyamba, atabisala kumbuyo kwa kwaya zaka zonsezi. Vuto ndi ampulifaya ya mpingo. Mawu a azimayi amatuluka ngati akuyimbira mumgolo. Ndalonjeza kupanga kabokosi kochunira besi ndi tirebo, mawu apansi ndi apamwamba. Digiri yanga ya fizikisi, poti boma silikuifuna, ikagwire ntchito kwa Mulungu.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Makapasita a mumsika: ozula m'mawailesi akufa, wogulitsa n'kumalumbira kuti ngatsopano. Magetsi azima ndili pakati powotcherera. Chitsulo ndatenthetsera pambaula, chala chapsa. Chifunga chatsika m'phiri, kwathu kuno ku Mtiya konse kuzizira. Koma kabokosi kagwira. Zopotokola ziwiri, china besi, china tirebo.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Kukonzekera kwa kwaya. Selina wayamba, mawu kumveka mpaka mpando wakumbuyo. Basi a Cuthbert, otsogolera kwaya, abwera n'kupotokola besi mpaka kumapeto. Mawindo kunjenjemera. Selina osamvekanso. "Achimwene, chipangizo chizikhala ndi mphamvu," atero. Munthu woti luso lake lonse n'kubangula ngati lole ya matabwa pamtunda! Ndabweza. Apotokolanso. Ndabweza. Abusa maso pa ife. Ndatuluka ndisanachimwe.

Loweruka, 9 Ogasiti

Chakudya sichinalowe. Ndatsegula kabokosi, ndadula mawaya a chopotokola cha besi. M'malo mwake maresisita awiri, besi ikhale pakatikati mpaka Yesu adzabwere. Chopotokolacho ndachisiya pomwepo. Chikuzungulira bwinobwino, chosalumikizidwa kulikonse, ngati komiti yathu ya chitukuko. Apotokole mpaka dzanja litupe. Selina sindinamuuze. Ikhale mphatso.

Lamulungu, 10 Ogasiti

A Cuthbert apotokola mpaka kumapeto, atchera khutu, agwedeza mutu. "Eya, tsopano ndiye zakhala." Ndachita kuluma mpango kuti ndisaseke.

Selina wayamba. Tchalitchi chonse chete, aliyense akumumva. Wafika pamene nyimbo imakwera kwambiri, mawu athyoka. Wayesanso, athyokanso. Amva onse, ngakhale madala ovutika makutu aja. Ana kuseka. A Cuthbert kupotokola, kupotokola, thukuta kamukamu, kenako kundiyang'ana ine.

Ntchito yanga yabwino kwambiri chimalizireni sukulu. Siinabise kalikonse.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Lero ndiye Selina wandilankhula. "Bambo a Peace, ndinawapempha ndine a Cuthbert kuti andiphimbe ndi besi pokwera paja. Pakhosi pamandikana. Inuyo munandifunsa?"

Ndakwiya, koma sindikupeza womukwiyira. A Cuthbert akadali lole ya matabwa, pamenepo sindisintha.

Kabokosi ndakakatenga, kali patebulo. Magetsi alipo, chitsulo chatentha. Mawaya atatu okha, kubwezeretsa n'kosavuta. Koma Selina yunifomu yake ya kwaya waichapa, waisita, wakaibweza kwa amayi abusa.