Mbuzi ya Eni Ndege

Lolemba, 5 Ogasiti 1985

Kope ili anandigulira mwana wanga Benjamini ku Halale kuti ndizilembamo nthawi yothira mankhwala m'diso. Diso linapola. Tsopano ndilembamo mlandu.

Mlongo wanga Kezia anamwalira Lolemba lapitalo. Lamya inandipeza kwa Benjamini Lachiwiri. Iye anati basi ichedwa, kwerani ndege, musanamalize kusinza muli kwanu. Ndege ya Lachitatu m'mawa. Tinafika pabwalo la ndege kusanache, ine nditavala jekete ndi tayi ngati wokaonekera. Ndegeyo inanyamuka Lachinayi dzuwa litalowa. Kuno anandidikira tsiku lathunthu, mpaka mtembo unayamba kukana, ndiye anaika Lachinayi masana. Ine ndinafika Lachisanu anthu akutsuka miphika.

Manesi wa ku Kasungu, wa mwendo wotsimphina uja, anabwera pa matola, anafika. Nkhalamba zina zinayenda pansi kuchokera ku Malomo, zinafika. Wodzera m'mwamba ndi amene sanafike. Amuna a pa bawo akandiona akumaika dzanja pachipumi n'kuyang'ana kumitambo, ati akuona ngati ndatera.

Mwini mbumba ndine. Ana a Kezia malume wawo ndine, woyankhula kumanda ndine. Koma anayankhula Aroni, mwana wa mayi aang'ono, amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira khasu. Akuti anauza anthu kuti achimwene atumiza mawu, ali m'mitambo, titsogole. Anthu anaseka. Pamaliro a mlongo wanga.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Abwera Aroni ndi akuluakulu awiri, n'kukhala pakhonde ngati aitanidwa. Ati kumeta maliro akuimika mpaka Loweruka chifukwa cha ine. Ati mwambo wa kwathu ndi womwe uja: mwini mbumba akasowa pa maliro a mlongo wake amapepesa ndi mbuzi pamaso pa onse. Akapanda kutero, lumo lometera anthu aligwira wina, ndipo woligwira tsiku limenelo ndiye mwini mbumba kuyambira pamenepo. Winayo tikumudziwa. Ananola kale.

Ndawauza kuti ng'ombe ikadya chimanga, amalipira ndi mwini ng'ombe, osati mwini munda. Ndege ili ndi eni ake. Mbuzi ichokere kwa iwo, ndipo mmodzi abwere adzagwade pabwalo, anene ndi pakamwa pake kuti ine Elifala ndinali pa benchi ya kubwalo la ndege kuyambira Lachitatu m'mawa. Aroni anangokhosomola chikhosomolo chake chija cha m'tchalitchi.

Mkazi wanga Hana akuti m'khola muli mbuzi zisanu ndi imodzi, ndingotulutsa imodzi nkhani ithe. Sakudziwa kuti kutulutsa yanga ndiko kuvomera.

Faines, mwana woyamba wa Kezia, wadutsa ndi ndowa pamutu. Moni wa pakamwa pokha, osapinda bondo.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Aphunzitsi a Felton andilembera kalata ya Chingerezi. Changa n'cha Sitandade 3, chofunsira njira basi. Ndinawauza alembe bwino kuti mbuzi yaikazi, yobereka kale, osati kamwana. Za kugwada anakana, ati anthu a tayi sagwada. Anandifunsa kawiri ngati kampaniyo ili ndi dzanja la boma, ati iwo ali ndi ana asanu ndipo njira ya ku ndende ya Dzaleka safuna kuidziwa. Dzina lawo pansi sanalembe. Zilembonso anapendeketsa, kuti dzanja lisadziwike. Munthu wophunzira amaopa mwanzeru.

Mawa ku Lumbadzi, kubwalo la ndege, kumene kuli ofesi yawo. Ndagwira thadzi lakuda la Hana kuti likhale chabwalo. Munthu sapita kukatula mlandu chimanjamanja, ngakhale kwa anthu opanda mwambo.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Matola mpaka Mponela, basi mpaka Lumbadzi, pansi mpaka pabwalo, mphepo ikundilowa m'mafupa. Pa Mponela anyamata a chipani anafuna khadi. Langa ndinali nalo. Mmodzi analiyang'ana thadzi nthawi yaitali ngati nalonso lionetse lake. Zina sindilemba, kope limatha kugwa m'thumba.

Mlonda wa pakhomo anati nkhuku silowa. Ndinamufotokozera za chabwalo. Ndi wa chakwathu komwe, kuseri kwa phiri la Ntchisi, anamva msanga, nati andisungira. Mumtima ndinati bwalo lonseli munthu wa mwambo ndi mmodzi yekhayu.

M'kati pansi n'poterera ngati thanthwe la kumtsinje. Mtsikana wa pakauntala, wa milomo yofiira, anawerenga kalata yanga, nadziluma mlomo, napita nayo kuseri. Ndinamva akuseka anthu atatu. Anabwerako ndi fomu.

"Agogo, katundu wanu anasowa?"

Iyayi.

"Sutikesi inathyoka?"

Iyayi. Ndiye anandifotokozera mokoma kuti sutikesi ikasowa amalipira poyeza makilo ake. Ndinamufunsa kuti nanga mlongo amamuyesa makilo angati. Kuseka anasiya, koma fomuyo inalibe mzere wa alongo.

Chochedwetsa ndege mtsikanayo anati nkhungu. Ku Halale chimkuzamawu chinkati chitsulo cha phiko, kenaka chinkati tidikire pang'ono. Pang'ono ameneyo ndi amene anaika mlongo wanga. Atandilowetsa kwa bwana wawo, wa tayi ya mizeremizere, wochepa kwa Benjamini, iye anati zonse ziwiri n'zoona. Anatembenuza tikiti yanga n'kundionetsa timalemba ta kuseri, tonga nyerere zafa pa mzere. Ati ndinavomereza timeneti pogula. Ine amene ndikuwerenga Baibulo la zilembo zikuluzikulu nditaliika pamphuno. Ati pamenepo palembedwa kuti nthawi sailonjeza, ndipo zina n'zochita Mulungu. Ndakhala mkulu wa mpingo zaka khumi ndi zinayi, sindinamvepo kuti Mulungu analembedwa ntchito ku kampani ya ndege. Ndinafunsa ngati mbuziyo ndikaitenge kwa abusa.

Anandikumbutsa kuti anatidyetsa. Zoona. Mabanzi awiri, dzira lozizira, tiyi wa m'kapu ya pepala. Tinagona pa mabenchi ngati odikirira odwala kuchipatala. Mzungu wina amene anali nafe anamutengera kuhotela pa galimoto. Kaya iyeyo maliro ake anali aakulu kuposa anga.

Ndinati sindichoka. Ndinavula chipewa n'kukhala pansi penipeni, pa kapeti, miyendo nditatambalala. Bwanayo anatseka chitseko, natsitsa mawu.

"Bambo, tinene bwino kuti ndilembe. Mukudandaula kampani, kapena mukudandaula bwalo latsopanoli? Poti bwaloli mukudziwa amene anatimangira."

Mawondo anga sanadzukepo msanga chotero chichitireni ukwati. Ndinati bwaloli n'lokongola zedi, tikuthokoza, pansi pake pokha ndiye poterera.

Apo anafewa. Anauza mtsikana uja atayipe kalata yopepesa, anaidinda, nandipatsanso kalendala ya chithunzi cha ndege. Chaka chatsala miyezi inayi.

Potuluka ndinapeza mlonda wa mwambo uja ataweruka. Wolowa m'malo mwake sadziwa za nkhuku iliyonse, ati pano pamatera ndege zokha. Ndinapita kukatenga mbuzi, ndasiyako thadzi.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Hana sakundiyankhula. Thadzi lija linali litayamba kuikira.

Kalata ili pansi pa Baibulo kuti iwongoke. Chidindo chozungulira, siginecha yaitali ngati njoka. Si mbuzi, koma pepala la chidindo m'mudzi muno palibe amene analitsutsapo. Aroni alibe ngakhale la katemera wa galu. Ndamuona m'mawa akuyendera nkhokwe za Kezia manja ali kumbuyo ngati mlangizi, akuuza ana kuti apa mufolere, apa mumate. Ayende. Mawa tiona.

Masana Faines anabwera kudzabwereka lichero kwa Hana. Anandifunsa ali chiimire ngati eni ndegewo amasunganso makalata a anthu. Za makalata si nkhani ya mlandu uno.

Kezia nayenso anali ndi pakamwa. Ponyamuka mu Epulo tinasiyana titakangana za malire a dimba la kudambo. Ananditcha mlendo wa kwawo komwe, anthu akumva. Munthu ukanenedwa chotero suthamanga. Izi ndalemba kuti zidziwike.

Kumanda sindinapitebe. Ndipita mlandu ukatha.

Loweruka, 10 Ogasiti

Mbumba yonse inasonkhana kuseri kwa nyumba ya Kezia. Mphasa, beseni la madzi, sopo, lumo pa mbale. Abusa amati kumeta n'kwachikunja, ndiye tsiku lotere amasankha kukayendera nkhosa za kutali.

Ndinaimirira ndi jekete langa, ndinati eni mlandu avomera, mawu awo ndi awa. A Felton anawerenga Chingerezicho, anthu ali chete ngati pa mgonero. Nkhope ya Aroni inagwa. Apo ndinamva kukoma, sindibisa. Kenaka mkulu wina anati amasulire, ndipo aphunzitsi anandiyang'ana ngati opempha kuti ndiwaletse. Ndinati masulirani zonse, osasiya kanthu.

Ati kampani ikumva chisoni ndi vuto lililonse limene mwina ndinakumana nalo. Mwina. Ati ikuthokoza kuti ndinaisankha. Ati ikuyembekeza kudzandinyamulanso posachedwa. Manesi ananena chapansipansi kuti ndiye ndinyamukiretu lero kuti ndidzapezeke pa maliro ake. Amayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Dzina la Kezia m'kalatamo munalibe. Za benchi munalibe. Aroni anafunsa, ndi ulemu wake woterera uja, ngati pepalalo tilizinge tokha kapena lifa lokha, poti anthu akudikira ndiwo.

Ndinayamba kufotokoza za dzira lozizira ndi za mzungu. Faines anadzuka pakati pa amayi. Mawu sanakweze.

"Amalume, ndege inakuchedwetsani tsiku limodzi ndi theka. Amayi anagona pamphasa miyezi iwiri. Tinatumiza kalata mu Juni, ina mu Julaye. Diso linali litapola kale, a Benjamini anatiuza. Amayi akamva galimoto kumsewu ankati pitani mukaone ngati ndi achimwene. Miyezi iwiri imeneyo tikaitule ku ofesi ya yani?"

Ndinatsegula pakamwa. Mawu a dimba ndinali nawo, okonzeka kuyambira Epulo. Maso anagwera pa mphasa ya Kezia, itayanikidwa pa denga la nkhokwe, yodyeka pakati pamene pankafika chiuno.

Makalata onse awiri anali m'thumba la m'kati la jekete lomwelo, pamodzi ndi tikiti. Yoyamba ndinawerenga, ndinati Kezia akudwala mwa masiku onse kuti ndimupepese. Yachiwiri sindinaitsegule n'komwe.

Ndinauza Hana akatulutse mbuzi yathu yaikazi ya mawanga. Anapita kukhola nthawi yomweyo. Itamangidwa pa mtengo, mkulu uja anatenga mbale ya lumo n'kundibweretsera, ati mwapepesa, gwirani ntchito yanu. Aroni anayang'ana pansi, milomo italendewera.

Mbaleyo ndinaikankhira kwa Aroni. Akuti ndi amene ankamutembenuza Kezia ndi kumunyamula kupita naye padzuwa. Ndinamva zimenezo Lachisanu lomwe ndinafika, koma m'kope muno sindinalembe.

Ndinavula jekete ndi tayi, n'kukhala kumapeto kwa mphasa, kumbuyo kwa zidzukulu. Atafika pa ine, Aroni anaviika dzanja m'beseni.

"Weramani, achimwene."

Ndinawerama.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Mutu ukuzizira. Chipewa chikugwera m'maso. Aroni wandicheka kuseri kwa khutu, dzanja lake ndi lolemera chikhalire.

Kalata ya mu Julaye ndaitsegula. Si dzanja la Faines. Ndi la Kezia, zilembo zikuluzikulu zotsetsereka, za pensulo, mizere iwiri yokha. "Achimwene, dimba lija tengani lonse. Ingobwerani."

Belu lalira. Ndauza Hana atsogole. Ine ndadzera kwa Faines, akandionetse pamene anamugoneka.